Ampulifaya ya mavalavu pa steji: tikuyankha makalata a omvera a ku Kwekwe

MUULUTSI: Yakwananso nthawi ya mafunso ndi mayankho. Madzulo ano ndili ndi mmisiri wokonza maampulifaya a magitala kuno ku Kwekwe, yemwenso kale ankaimba lidi gitala m'mabandi. Amisiri, takulandirani.

AMISIRI: Zikomo achimwene. Moni kwa onse amene atchera khutu.

MUULUTSI: Kalata yoyamba yachokera kwa mnyamata wa ku Mbizo. Akuti: "Malume anga andibweretsera ampulifaya ya Marshall ya mavalavu, ya ma watt 100, kuchokera ku Johannesburg. Anthu akundiuza kuti ampulifaya yotere imakoma pokhapokha voliyumu ili kumapeto. Koma ndikaikweza anzanga m'bandi amakwiya, ati woimba sakumveka. Ife timaimba sungura. Kodi wolakwa ndani?"

AMISIRI: Mwana wanga, amene anakuuza zimenezi sananame, kungoti ankakamba za nyimbo zina. Mavalavu aja, timabotolo tagalasi timene timayaka kumbuyo kwa ampulifaya yako, ukawafikitsa pa malire a mphamvu zawo sathyola mawu mwadzidzidzi. Amayamba kuwapanikiza pang'onopang'ono, mawu a gitala n'kusasa mokoma, ndipo chingwe ukachikhudza kamodzi chimalira nthawi yaitali. Oimba rock amalipira ndalama zambiri pofuna kusasa kumeneku. Jim Marshall, amene anali ndi sitolo ku London, anapanga ampulifaya ya ma watt 100 mu 1965 chifukwa oimba ngati Pete Townshend wa gulu la The Who ankafuna mphamvu zochuluka. Masiku amenewo masipika a holo anali ofooka, ongokwanira mawu a woimba, choncho gitala inkayenera kudzifikitsa yokha kwa munthu wa kumbuyo kwenikweni.

Nanga sungura imafuna chiyani? Iwe ndiwe wa ku Kwekwe, kwawo kwa malemu Tongai Moyo, amene anatisiya mu 2011. Tenga nyimbo iliyonse ya Utakataka Express uimvetsere utakhala pansi. Lidi ikuthamanga, ridimu ikulowa m'mipata imene lidi yasiya, bezi nayo ikuyenda njira yake. Zingwe zonsezo zimakolana mofulumira, ndipo kukoma kwake n'koti chingwe chilichonse chimveke pachokha. Mverani bezi ya Alick Macheso, mwana wa makolo ochokera ku Malawi ngati ambiri a ife, kapena magitala a Khiama Boys a Nicholas Zakaria. Mawu ake ndi oyera. Ukangosasitsa lidi, zonsezo zimasakanikirana ndipo ovina sadziwa pogwira.

Tsono ampulifaya yakoyo usaitaye. Ubwino wa ma watt 100 kwa woimba sungura ndi woti ikhoza kulira mokwanira mawu akadali oyera, voliyumu ili pa 2 kapena pa 3. Mphamvu zotsalazo ndi zosungira, kuti ukamenya chingwe mwamphamvu mawu asathyoke.

MUULUTSI: Koma amisiri, anyamata ambiri amati ma watt akachuluka ndiye kuti bandi yakula.

AMISIRI: Apa ndi pamene ndalama za anthu zikuthera. Phokoso timaliyeza m'ma decibel. Ukachoka pa ma watt 50 n'kufika pa 100, wawonjezera ma decibel 3 okha, kusiyana kumene khutu limangokumva pang'ono. Kuti khutu limve ngati phokoso lawirikiza kawiri, mphamvu ziyenera kuchuluka kakhumi. N'chifukwa chake Vox AC30 ya ma watt 30, kapena Fender Deluxe Reverb ya ma watt 22, imalimbana bwinobwino ndi ng'oma m'holo. Amene akufunitsitsa mawu osasa aja agule yaing'ono yotere, chifukwa imafika pa malire ake denga lisanagwedezeke. Ya ma watt 100 pofika posasa, munthu woima mita imodzi patsogolo pa sipika akulandira ma decibel oyandikira 120. Pamenepo khutu limayamba kupweteka.

MUULUTSI: Akuluakulu anati ng'oma yoliritsa sichedwa kung'ambika. Tipite ku kalata yachiwiri, yochokera kwa bambo amene amatsogolera bandi ku Redcliff. Akuti: "Tikayamba kuimba zonse zimakhala bwino. Ikamafika pakati pa usiku aliyense wakweza chake, maikolofoni akuimba likhweru, ndipo anthu a kutsogolo akutseka makutu pamene a kumbuyo akuti sakumva mawu a nyimbo."

AMISIRI: Bambo, vuto lanu layambira pansi, pamene mwaika ampulifaya. Sipika ya gitala imaponya mawu ngati tochi, kutsogolo kokhakokha, makamaka mawu ang'onoang'ono akuthwa aja. Woimba gitala waiika pansi kumbuyo kwa miyendo yake, ndiye mawu akudutsa m'mawondo mwake n'kukabaya anthu a mzere woyamba. Iye sakudzimva, akweza. Wa ridimu naye wasowa mawu ake, akweza. Wa ng'oma ayamba kumenya ndi ukali. Woimba, amene alibe pokwezera, amangokuwa mpaka kukhosi kuuma. Kuwonjezera apo makutu amatopa: phokoso limene linali lokwanira 9 koloko, pofika 12 koloko limamveka lochepa, chonsecho palibe chasintha.

Ikani ampulifaya pampando, kapena ipendeketseni kuti iloze kumutu kwa mwini wake, ndipo ngati n'kotheka ikhale m'mbali mwa steji, iziwomba mopingasa. Mudzaona mwini wakeyo akutsitsa yekha. Kenako ikani maikolofoni pafupi ndi sipika yake, mawu apite ku mikisa, masipika akuluakulu ndi amene afikitse nyimbo kumbuyo. Poyesa zida, yambani ndi ng'oma ndi mawu a woimba, magitala alowe pambuyo, ndipo mmodzi wa inu akaime kumbuyo kwa holo. Zimene anene iyeyo ndi zimene zigwire ntchito. Mukagwirizana, ikani chizindikiro pa voliyumu ya aliyense.

Kumbukiraninso kuti maholo ndi mabawa ambiri a m'matauni a migodi ndi a simenti pansi, njerwa m'mbali, malata pamwamba. Zonsezi zimabweza mawu. M'nyumba yotere kukweza kumangowonjezera chisokonezo. Pabwalo ngati Mbizo Stadium nkhani ndi ina, popeza panja mawu amatsika ma decibel 6 mtunda ukawirikiza kawiri, komabe kumeneko ntchito ndi ya masipika akuluakulu.

MUULUTSI: Kalata iyi ndiiwerenga pang'onopang'ono. Yachokera kwa mayi wa ku Amaveni. Akuti: "Amuna anga amagwira ntchito yoboola miyala mumgodi, ndipo Lachisanu ndi Loweruka amaimba gitala m'bandi. Akabwera amati m'makutu mukulira. Kale zinkatha m'mawa, koma tsopano sizikutha. Ana akamawalankhula amafunsa kawiri. Iwo akuti ndi kutopa chabe. Ndiwathandize bwanji?"

AMISIRI: Mayi, mwachita bwino kulemba, ndipo ndikupempha kuti bambowo akhale pafupi ndi wailesi. Uku si kutopa. M'kati mwenimweni mwa khutu muli tinthu tating'onoting'ono tokhala ndi tiubweya, timene timagwedezeka ndi mawu n'kutumiza uthenga ku ubongo. Phokoso likapitirira, timavulala. Poyamba timachira, n'chifukwa chake kulirako kunkatha m'mawa. Tikavulazidwa mobwerezabwereza timafa, ndipo mwa munthu sitimeranso. Palibe jakisoni kapena mankhwala a zitsamba amene angatibweze. Toyamba kufa ndi timene timamva mawu ang'onoang'ono akuthwa, ndiye munthu amamva kuti mwana akulankhula koma sakugwira zimene akunena, makamaka pagulu.

Akatswiri a zaumoyo wa pantchito amati ma decibel 85 munthu angapirire maola 8 patsiku. Mukawonjezera 3, nthawi idulidwe pakati: pa 88 maola 4, pa 91 maola 2, ndipo pofika pa 100 zatsala mphindi 15 zokha. Mu 2022 bungwe la WHO linatulutsa malangizo a malo oimbirako nyimbo, ndipo malire amene linaika ndi ma decibel 100, powerengera pa mphindi 15 zilizonse. Makina oboolera miyala amapitirira 100. Steji ya bandi imene yakweza zonse nayo imapitirira. Khutu silisankha kuti ili ndi phokoso la ntchito, iyi ndi nyimbo yokoma. Limangowerengera zonse pamodzi. Amuna anu masiku amene makutu awo amayenera kupuma ndi amene akuwaikanso patsogolo pa sipika mpaka mbandakucha.

Ine zimandiwawa chifukwa m'tauni ino tikuwadziwa agogo athu amene anachoka ku Malawi, ku Zambia ndi ku Mozambique kudzagwira ntchito ku Globe and Phoenix kapena ku fakitale ya zitsulo ku Redcliff. Ambiri m'badwo umenewo anakalamba atagontha, ndipo nthawi yawo zotetezera makutu zinali zosowa. Ife tili nazo, ndipo n'zotsika mtengo kuposa zingwe za gitala.

Choyamba, apite kuchipatala akapemphe kuyezedwa makutu. Migodi ikuluikulu imayezanso antchito ake. Chachiwiri, zotsekera m'makutu zimene amavala mumgodi azivalanso pa steji. Adzadandaula kuti nyimbo ikumveka ngati ili m'chipinda china, ndipo n'zoona, koma zilipo zopangidwira oimba zimene zimatsitsa phokoso mofanana popanda kubisa mawu akuthwa. Pamene akuzifunafuna, za kumgodi zomwezo avale. Asaime molunjika sipika kapena pafupi ndi mbale zachitsulo za ng'oma, ndipo pa nthawi yopuma atuluke panja. Zimene zatsala m'makutu mwawo zikhoza kutetezedwa, ndipo woimba sungura amadalira mawu akuthwa omwewo kuti achune gitala.

MUULUTSI: Ena amathira mafuta m'khutu likamalira.

AMISIRI: Asayerekeze, ngakhale kutokosa ndi kamtengo ka machesi. Ndipo wina aliyense amene khutu limodzi lasiya kumva mwadzidzidzi, athamangire kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa matenda amenewo amafuna chithandizo chamsanga.

MUULUTSI: Mayi, mwamva. Kalata ina ndi ya mnyamata wa ku Torwood. Akuti magetsi atathima analumikiza ku jenereta, ampulifaya inayamba kununkha, fyuzi n'kupsa. Mnzake akuti amangepo waya m'malo mwa fyuzi.

AMISIRI: Mnzakoyo usamumvere. Fyuzi yapsa pofuna kupulumutsa thiransifoma, imene ndi chinthu chodula kwambiri m'bokosimo. Ika ina ya nambala yomweyo, ndipo ikapsanso pali chimene chavuta mkati. Majenereta ang'onoang'ono magetsi ake amakwera ndi kutsika, makamaka pamene furiji ya pabawa ikuyaka ndi kuzima. Liza jenereta ikhazikike kaye, ulumikize pambuyo, ndipo uzimitse ampulifaya jenereta isanazime. Yang'ananso kumbuyo kwake: zochokera ku America zambiri ndi za ma volt 120, pamene kuno magetsi athu ndi a 220 mpaka 240.

Chinanso chimene chimapha maampulifaya a mavalavu ndi kuwaliza sipika isanalumikizidwe. Ya matransistor nthawi zambiri imapirira zimenezo, koma ya mavalavu imatha kuwotcha thiransifoma yake. Ma ohm a sipika ndi a ampulifaya agwirizane, 8 ku 8, 16 ku 16, ndipo waya wake akhale wa sipika weniweni, osati wa gitala. Poyatsa, isiye pa standby mphindi imodzi kuti mavalavu afunde. Ukaona chitsulo cha m'kati mwa valavu chafiira ngati khala, zimitsa pomwepo.

Apa ndilankhula mwamphamvu. Usatsegule bokosilo. Muli ma volt 400 mpaka 500, ndipo amatha kukhalamobe ngakhale utazula pulagi. Usadulenso phini lachitatu la pulagi pofuna kuthetsa kung'ung'uza. Mu 1972 Leslie Harvey, woimba gitala wa gulu la Stone the Crows, anafera pa steji ku Swansea atagwira maikolofoni imene inali ndi magetsi. Milomo yako ikamva kuluma ikakhudza maikolofoni dzanja lili pa zingwe, imitsa nyimbo, muitane wodziwa za magetsi. Panja nthawi ya mvula chenjezo limeneli likule kawiri.

MUULUTSI: Nthawi ikutithera, koma pali kafunso kafupi ka ku Shurugwi. Akuti mavalavu akusowa ndipo akudula, kodi angosiya n'kugula ya matransistor?

AMISIRI: Akudula chifukwa mafakitale ake atsala ochepa, makamaka ku Russia, ku Slovakia ndi ku China, ndipo nkhondo ya ku Ukraine itayamba mu 2022 mitengo inakwera. Kwa woimba sungura amene amayenda pa lole m'misewu ya kumigodi, ya matransistor si yochititsa manyazi ayi. Roland JC-120, imene inatuluka mu 1975, inatchuka chifukwa cha mawu ake oyera. Koma ngati mumakonda ya mavalavu, isamalireni: musaigunditse kukhoma kuti mpweya uzidutsa, makamaka m'kutentha kwa Okutobala, idikireni izizire musanainyamule, ndipo pa lole ikhale pa matiresi. Mavalavu akuluakulu ngati EL34 kapena 6L6 amasinthidwa awiriawiri ofanana, ndipo mmisiri ayenera kuchuna magetsi ake akawaika. Ang'onoang'ono a 12AX7 amakhalitsa, mukhoza kusunga limodzi m'chikwama cha gitala.

MUULUTSI: Makalata a ku Gweru ndi ku Zvishavane okhudza mabezi ndi mikisa tidzawawerenga sabata yamawa nthawi ngati yomwe ino. Pitirizani kutilembera.