Phunziro la Sabata Ino: Mwana Wosiya Sukulu Sanataye Mphatso Yake

Malembo owerenga pa mphakati: Eksodo 31:1-11 ndi Mateyo 25:14-30

M'midzi yambiri ya kwa Lundu muli anyamata ndi atsikana a zaka 14 mpaka 18 amene maina awo sapezeka m'kaundula wa sukulu iliyonse. Ena analemba mayeso a Sitandade 8 koma sanasankhidwe kupita ku sekondale. Ena anasankhidwa, koma ndalama za yunifolomu, makope ndi zina zofunika zinasowa. Enanso anasiya pamene namondwe wa Ana mu Januwale 2022 ndi wa Freddy mu Malichi 2023 anagwetsa nyumba ndi kukokolola minda, makalasi n'kusanduka malo ogona anthu othawa madzi. Sukulu zitatsekulidwanso, iwo sanabwerere. Lero mnyamata akupalasa kabaza kapena akusaka ganyu m'minda ya eni, ndipo mtsikana akumufunira banja asanakhwime, ngakhale kuti kuyambira mu 2017 malamulo a dziko salola ukwati wa munthu wosakwana zaka 18.

Chodabwitsa n'chakuti ena mwa ana omwewa ndi amene amasangalatsa Misa ya Lamulungu. Woimba ng'oma amene saphonya ndi pang'ono pomwe, mtsikana amene amagwira nyimbo yatsopano atangoimva kamodzi, mnyamata amene anajambula khola la Khrisimasi anthu n'kuima kukaona, onsewa kusukulu ankatchedwa mbuli. Misa ikatha akhristu amawaombera m'manja, koma Lolemba palibe amene amafunsa kuti ali kuti. Phunziro lino likufunsa ngati parishi ingathe kuwapatsa sukulu yowayenera, yophunzitsa kuwerenga ndi masamu pamodzi ndi luso la manja, nyimbo ndi zisudzo, komanso udindo umene mkhristu aliyense ali nawo pa ntchito yotere.

Luso ndi mphatso ya Mzimu wa Mulungu

M'buku la Eksodo, Mulungu atafuna kuti Aisraele amange chihema chopatulika, anasankha munthu pomutchula dzina, Bezalele wa fuko la Yuda. Malembo akufotokoza kuti anamudzaza ndi mzimu wake kuti adziwe kusula golide, siliva ndi mkuwa, kusema miyala ndi kupala matabwa. Anamupatsanso mnzake womuthandiza, Oholiyabu. Pa mutu 35 pakuonjezedwa mfundo yofunika kwambiri pa phunziro lino: awiriwa analandiranso nzeru zophunzitsira anzawo. Luso la m'manja likuoneka pano ngati ntchito ya Mzimu, ndipo likuyenera kupatsirana.

Davide asanakhale mfumu anali mbusa wodziwa kuimba zeze, ndipo nyimbo zake zinkatonthoza mfumu Saulo pa nthawi ya kuvutika mu mtima. Ambuye Yesu mwini anakulira m'nyumba ya Yosefe Woyera, mmisiri wa matabwa, ndipo anthu a ku Nazarete ankamudziwa ndi ntchito yomweyo. Mu fanizo la pa Mateyo 25, wantchito amene anadzudzulidwa sanabe kanthu, sanawononge kanthu. Mlandu wake unali wokwirira m'nthaka chuma chimene anamusungitsa. Kawirikawiri fanizoli limawerengedwa ngati chenjezo kwa munthu payekha. Koma mpingo nawonso unasungitsidwa chuma, ndipo chumacho ndi ana ake. Mphatso ya mwana ikhoza kukwiriridwa ndi mwanayo, koma nthawi zambiri amene amakumba dzenje ndi akuluakulu omuzungulira.

Eklezia wakhala akuphunzitsa zomwezi. Msonkhano wa Vatikano Wachiwiri, m'chikalata chake cha maphunziro cha mu 1965, unati munthu aliyense ali ndi ufulu wolandira maphunziro ogwirizana ndi luso lake ndi chikhalidwe cha kwawo. Pa 4 Epulo 1999 Papa Yohane Paulo Wachiwiri analembera kalata anthu aluso a pa dziko lonse, kuwakumbutsa kuti ntchito yawo imaonetsa chithunzi cha Mulungu Mlengi ndipo Eklezia amawasowa. Kale kwambiri izi zisanalembedwe, Yohane Bosko Woyera ankasonkhanitsa anyamata ongoyendayenda m'misewu ya Turin ku Italy kuyambira mu 1841. Ankawakopa ndi masewera ndi nyimbo, kenako n'kuwaphunzitsa katekisimu, kuwerenga, kusoka, kukonza nsapato ndi kusindikiza mabuku.

Zimene zachitika kale m'Malawi muno

Maganizo awa si maloto. Ku Chigumula, kufupi ndi Limbe, kuli sukulu ya Jacaranda. Anaiyambitsa mu 2002 ndi mayi Marie Da Silva, amene ankagwira ntchito yolera ana ku Los Angeles. Mayiyu anasandutsa nyumba ya makolo ake kukhala sukulu yaulere ya ana amasiye, ndipo kwa zaka zingapo ankalipira aphunzitsi kuchokera pa malipiro ake. Sukuluyi inakula n'kukhala ndi pulayimale ndi sekondale yomwe, ndipo nyimbo, kujambula ndi kuvina zili m'gulu la zimene ana amaphunzira. Mu 2008 wailesi ya kanema ya CNN inamuika m'gulu la ngwazi za chakacho. Chiyambi cha zonsezi chinali nyumba imodzi ndi malipiro a munthu mmodzi.

Ku Mua, m'boma la Dedza, Bambo Claude Boucher Chisale a chipani cha White Fathers anatsekula malo a KuNgoni mu 1976. Kumeneko anthu a m'midzi yozungulira anaphunzira kusema ndi kujambula, ndipo mitanda, maguwa ndi zithunzi za ku Mua zili m'matchalitchi ambiri a m'Malawi ndi kunja. Mabanja ambiri adya ndi kuphunzitsa ana kuchokera pa sompho ndi tchizulo.

Ku Balaka, gulu la Alleluya Band linabadwira pa parishi mu 1978, mothandizidwa ndi Bambo Mario Pacifici a chipani cha Montfort, chipani chomwe chinagwiranso ntchito yaikulu m'dayosizi ya Chikwawa. M'gulu limeneli munachokera Paul Banda ndi mng'ono wake Lucius Banda, amene nyimbo zawo zadziwika m'dziko lonse. Pambuyo pake ntchito ya Andiamo inakula n'kukhala ndi sukulu ya sekondale ndi ya ntchito zamanja. Ku Lilongwe nako kuli Music Crossroads Academy, imene kuyambira mu 2013 yakhala ikuphunzitsa achinyamata nyimbo ngati ntchito yeniyeni.

M'malo onsewa muli zinthu zitatu zofanana. Anayamba ndi zochepa. Analandira ana amene ena sankawawerengera. Ndipo panali munthu kapena gulu limene linapirira zaka zambiri osatopa, popeza kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chigwa cha Shire sichisowa luso

David Livingstone atafika m'chigwa chino mu 1859 anapeza Amang'anja akulima thonje, kupota ulusi, kuomba nsalu ndi kusula makasu. Anthu a Lundu anali amisiri asanaone sukulu ya mzungu. Mpaka lero kuno ndi kwawo kwa ulimba ndi ng'oma za likhuba ndi utse. Kuli amayi oumba mbiya, abambo osema ngalawa ndi mitondo, ndi anthu oluka mikeka, zipewa ndi madengu a mlaza. Vuto ndi lakuti ambiri mwa akatswiriwa ndi okalamba, ndipo amene akuwalowa m'malo ndi ochepa. Nkhalamba yodziwa kuchuna ulimba ikamwalira isanaphunzitse wina, nzeruyo imakwiriridwa nayo limodzi. Motero sukulu ya luso ingapulumutse zinthu ziwiri nthawi imodzi: mwana amene akusochera ndi luso limene likutha.

Sukuluyo ikhale yotani

Sukulu ya luso si gulu la magule lovinira alendo. Kuti ipindule, iyenera kukhala ndi kaundula, nthawi yoyambira ndi yowerukira, komanso aphunzitsi odziwika. M'mawa ana aphunzire kuwerenga, kulemba, Chingerezi ndi masamu, chifukwa mmisiri wosadziwa kuwerengera mtengo wa matabwa ndi nthawi yake amagulitsa motaya, ndipo woimba wosatha kuwerenga pangano amadyeredwa masuku pamutu. Masana aphunzire luso limene aliyense wasankha: kusema, kusoka, kuumba, kujambula zikwangwani, kuimba kapena zisudzo. Luso ndilo limamukokera mwana pakhomo pa sukulu, ndipo akazolowera kubwera tsiku ndi tsiku, mantha a mabuku amayamba kutha.

Sukuluyo isakhale mathero a njira. Mwana amene wayambanso kukonda mabuku athandizidwe kubwerera ku pulayimale kapena kulowa sekondale yamasana kuti adzalembe MSCE. Amene wakhwima pa ntchito yamanja alozeredwe ku maphunziro ovomerezeka ndi TEVETA kuti adzakhale ndi satifiketi. Mtsikana amene anasiya chifukwa cha mimba alandiridwe, pakuti kuyambira mu 1993 boma limalola atsikana otere kubwerera kusukulu akabereka, ndipo mpingo suyenera kuuma mtima kuposa boma.

Nkhawa za makolo

Makolo ena amati zoimbaimba zimathera ku mowa ndi chamba. Nkhawa imeneyi ndi yomveka, pakuti zitsanzo zake zilipo. Koma mwana waluso adzaphunzira ndithu kwinakwake. Akapanda kuphunzira pabwalo la tchalitchi pamaso pa anthu odalirika, adzaphunzira kumalo omwera mowa usiku. Chimene chimaononga mwana si gitala, koma kusowa womuyang'anira.

Ena amafunsa ngati ulimba ndi ng'oma zamakolo n'zoyenera mkhristu. Chikalata cha Vatikano Wachiwiri cha zachipembedzo cha mu 1963 chinati nyimbo za mitundu ya anthu zilemekezedwe ndi kupatsidwa malo oyenera, ngakhale m'chipembedzo. Kusiyanitsa zoyenera ndi zosayenera ndi ntchito ya abambo ansembe, akatekisti ndi akuluakulu a mpingo, koma kutaya zonse chifukwa cha mantha n'kukana mphatso ya Mulungu.

Pali nkhawa ina imene siyenera kubisidwa: chitetezo cha ana. Maphunziro azichitika masana, pamalo oonekera, ndipo pasakhale mphunzitsi wotsala yekha ndi mwana. Amayi Akatolika akhale ndi mpando m'komiti. Ana asasandutsidwe chida chopemphera ndalama, kuwavinitsa tsiku lonse phindu n'kulowa m'matumba a akulu. Ndalama iliyonse yolowa ndi yotuluka ilengezedwe poyera, chifukwa ntchito zabwino zambiri zafa ndi kukayikirana.

Mmene akhristu angathandizire

Choyamba ndi kuwerenga ana. Mphakati uliwonse ungathe kulemba achinyamata ake amene sali pasukulu, chifukwa chimene anasiyira, ndi chimene amachita bwino. Mbusa wa pa Luka 15 anazindikira kuti nkhosa imodzi yasowa chifukwa ankadziwa chiwerengero cha nkhosa zake.

Chachiwiri ndi malo. Holo ya parishi ndi matchalitchi ang'onoang'ono a kumidzi amakhala otseka masiku ambiri pa sabata. Chipinda chimodzi, bolodi ndi mabenchi n'zokwanira poyambira.

Chachitatu ndi nthawi. Mphunzitsi wopuma ntchito, telala, kalipentala, woyang'anira kwaya, agogo odziwa kuluka mlaza, wachinyamata amene anamaliza koleji koma akudikira ntchito, aliyense angapereke masana awiri pa sabata. Kumeneku n'kutsata Bezalele, amene analandira luso pamodzi ndi udindo wophunzitsa.

Chachinayi ndi chuma. Pa nthawi ya masika, gawo lina la mapira, mchewere, mbatata kapena mbuzi lingapatulidwe kuti ana azidya phala, pakuti wanjala sagwira tchizulo molunjika. Makina osokera amene angokhala m'nyumba, sowo yakale kapena ng'oma yong'ambika yofuna chikopa chatsopano, zonsezi ndi chopereka.

Chachisanu ndi msika. Parishi ikafuna mabenchi, nsalu za paguwa, mayunifolomu a kwaya kapena chikwangwani, iyambe yafunsa ana ake omwe, ndipo iwalipire mtengo woyenera. Kuyamikira pakamwa pokha sikugula sopo.

Pomaliza pali udindo wa makolo eni ake. Kulola mwana kupita kukaphunzira pamene akanatha kubweretsa ndalama ya ganyu madzulo ndi nsembe yeniyeni, makamaka m'chaka cha njala. Mphakati uyenera kuyandikira banja lotere ndi kulithandiza, osati kungolidzudzula. Mwana wa mnzako ndi wako yemwe, ndipo pa tsiku la ubatizo wa mwanayo mpingo wonse unamulandira ngati wake.

Mafunso okambirana pa mphakati

1. Kodi mu mphakati uno muli achinyamata angati a zaka 14 mpaka 18 amene sali pasukulu, ndipo ndani anawayenderapo chaka chino?

2. Ndi akuluakulu ati a m'dera lino amene ali ndi luso losowa wolilandira?

3. Kodi ndi mawu otani amene akhristu amalankhula kwa mwana wolephera mayeso, ndipo mawuwo amakumba dzenje kapena amafukula chuma?

4. Ndi chinthu chimodzi chiti chimene mphakati ungachite mwezi uno usanathe, ndipo ndani adzapereke lipoti lake ku khonsolo ya parishi?