Zam'mapaketi ndi thupi la mwana

Makolo, lero tikambe za kamba wa ana.

M'tiokala ta pamsewu wa Great East ndi pazipata za sukulu mwadzaza majigisi, mabisiketi, masoseji ndi zakumwa zamitundumitundu. Kuti zisaole kapena kununkha mafuta, opanga amathiramo mankhwala: benzoate m'zakumwa, nitrite m'masoseji. Wina anena kuti boma limalola, ndipo popanda mankhwalawa chakudya chingavunde n'kudwalitsa anthu. Zimenezo n'zoona. Koma muyeso umene akatswiri amati thupi lingapirire umatengera kulemera kwa munthu, ndipo mwana ndi wopepuka. Botolo lomwe bambo amwa osadandaula, kwa mwana likhoza kukhala lochuluka. Akaonjezera paketi m'mawa, soseji masana, botolo lina madzulo, mankhwala amaunjikana tsiku limodzi, shuga ndi mchere osanena.

Choncho, zam'mapaketi zikhale za apo ndi apo, osati za tsiku ndi tsiku. Mwana popita kusukulu, m'patseni chakudya m'malo mwa ndalama: mbatata yophika, nthochi, chimanga chootcha, mtedza wokazinga. Winanso ati zapakhomo nazo zimaonongeka. Inde, n'chifukwa chake mtedza muziusankha. Wachuku tayani, poti chuku chimaononga chiwindi. Mwana akamva ludzu, m'patseni madzi abwino kapena thobwa lophikidwa mwaukhondo.

Tibwereze: zam'mapaketi apo ndi apo, zapakhomo tsiku ndi tsiku.