Msilikali Wopemphetsa pa Khomo la Tchalitchi: Phunziro la Camillo de Lellis Woyera

Pa 14 Julaye chaka ndi chaka Eklezia amakumbukira Camillo de Lellis Woyera, nkhoswe ya odwala, ya zipatala ndi ya anamwino. Munthu ameneyu asanavale mkanjo wa mtanda wofiira adali msilikali wochotsedwa ntchito, wachilonda chosapola, wanjuga, ndiponso wosowa pogona. Moyo wake uphunzitsa akhristu, makamaka akatekisi ndi atsogoleri a miphakati, m'mene ayenera kuchitira ndi asilikali akale amene nkhondo idawasiya opanda nyumba, opanda ntchito ndi opanda mtendere mumtima.

1. Kugwa kwa Camillo

Camillo adabadwa pa 25 Meyi 1550 m'mudzi wa Bucchianico, m'dziko la Italy. Bambo wake adali msilikali wosakhalitsa pakhomo, ndipo mai wake adamwalira iye akadali mnyamata. Atasinkhuka adatsata mapazi a bambo wake, nalowa m'gulu la nkhondo la Venice lolimbana ndi Aturuki. M'masiku amenewo adatenga chilonda cha kumwendo chimene adakhala nacho mpaka kufa. M'chaka cha 1571 adakagonekedwa m'chipatala cha San Giacomo ku Roma, napatsidwanso kantchito komweko, koma adamchotsa chifukwa cha njuga ndi ndewu. Adabwereranso kunkhondo. Pamene gulu lake lidamwazidwa m'chaka cha 1574, iye adaluza pa njuga zonse adali nazo mu mzinda wa Napoli: lupanga, mfuti, mpaka malaya.

Kumapeto kwa Novembala chaka chomwecho, nyengo yozizira itayamba, mnyamata wa zaka 24, wamtali ngati mlongoti, adaima pa khomo la tchalitchi ku Manfredonia akupempha kwa anthu otuluka m'mapemphero, nkhope ili yogwa ndi manyazi.

2. Amene adamdzutsa

Woyamba kumthandiza adali mkhristu wamba amene ankayendetsa ntchito yomanga nyumba ya Akapuchini mu mzindawo. Munthuyu adamuitanira ku ganyu. Camillo poyamba adanyada, nachokapo. Koma njala idambweza, ndipo adavomera kukusa abulu onyamula miyala, laimu ndi madzi. Adalandira chakudya ndi pogona. Cholinga chake chidali chakuti dzinja lozizira likatha abwerere kunkhondo.

Wachiwiri adali wansembe. Pa 1 Febuluwale 1575 Akapuchini adamtuma ndi katundu ku nyumba yao ya ku San Giovanni Rotondo, komwe pambuyo pa zaka mazana atatu ndi theka kudadzakhala Padre Pio Woyera. Madzulo, mkulu wa nyumbayo, Bambo Angelo, adacheza naye za Mulungu ndi za chipulumutso cha mzimu wake. M'mawa mwake, pa tsiku la chaka cha Kuperekedwa kwa Ambuye m'Kachisi, Camillo ali panjira adatsika pa bulu, nagwada, nalira machimo ake. Chiyambire tsikulo sadagwirenso njuga.

Achitatu adali a chipatala cha San Giacomo, omwe aja adamchotsa kale. Adamlandiranso. Kawiri konse adayesa kulowa chipani cha Akapuchini, ndipo kawiri konse adabwezedwa chifukwa mkanjo unkanyula chilonda chake. Pamenepo adazindikira kuti malo ake ndi pakati pa odwala. Adatumikira mokhulupirika mpaka adamuika kukhala woyang'anira chipatalacho, ndipo Filippo Neri Woyera ndiye ankamva kulapa kwake. Atapitirira zaka 30 adakhala pa benchi limodzi ndi anyamata kuphunzira Chilatini, nadzozedwa unsembe m'chaka cha 1584. Papa Sixtus V adavomereza gulu lake la Atumiki a Odwala mu 1586, ndipo Papa Gregory XIV adalikweza kukhala chipani cha malumbiro mu 1591. M'chaka cha 1595 ena mwa ana ake adatsagana ndi asilikali ku Hungary kukasamala ovulala. Camillo adamwalira ku Roma pa 14 Julaye 1614, ndipo Papa Benedict XIV adamlemba m'gulu la oyera mu 1746.

Mndandanda wa zinthuzi ndi wofunika kuusunga. Chakudya, pogona ndi ntchito zidayamba. Mau a wansembe adabwera patapita miyezi iwiri. Kuchira kwa moyo wonse kudatenga zaka. Mulungu ndiye mwini chaulere chotembenuza mtima, koma adafuna kuchipereka kudzera m'manja mwa anthu amene sadafunse kaye ngati wopemphayo ndi woyenera.

3. Asilikali akale a masiku ano

Vuto la Camillo silidathe ndi zaka za malupanga. Ku United States, dziko lolemera kopambana, boma litawerenga anthu osowa pokhala usiku umodzi m'mwezi wa Januwale 2024, lidapeza asilikali akale 32,882 akugona m'misewu kapena m'nyumba zongobisalamo.

Dziko la Malawi nalonso lidapereka ana ake ambiri. Pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918, imene makolo adaitcha Nkhondo ya Chiwaya, amuna pafupifupi 19,000 adalowa usilikali wa Keyala, ndipo pafupifupi 200,000 adasenza katundu ngati amtengatenga. Pa nkhondo ya 1939 mpaka 1945 ena adakamenya ku Ethiopia, ku Madagascar ndi ku Burma, ndipo m'zaka za m'ma 1950 ena adapita ku Malaya. Chipilala cha ku Zomba chidamangidwa kukumbukira amene adafa. Dziko litalandira ufulu, asilikali ake adalondera njanji ya ku Nacala pa nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique, ndipo ena adatumizidwa kukasungitsa mtendere ku Congo, komwe asanu ndi mmodzi adaphedwa pafupi ndi Beni m'mwezi wa Novembala 2018. Mmodzi mwa iwo, Chancy Chitete, adafa akupulumutsa mnzake wa ku Tanzania wovulala. Motero m'maparishi muli asilikali opuma, akazi amasiye ndi ana amasiye a asilikali.

Ambiri mwa iwo adakhazikika bwino, ndipo ena ndi mizati ya mipingo yao. Koma ena amagwa, pa zifukwa zodziwika. Choyamba, msilikali amazolowera moyo wa lipenga: nyumba, chakudya, zovala ndi ntchito ya tsiku zonse zimakonzedwa ndi akuluakulu; akapuma, zonsezi zimatha tsiku limodzi. Chachiwiri, amene adachoka kumudzi zaka makumi awiri amapeza munda wake uli m'manja mwa ena, ndipo ngati adali mkamwini, mkazi akamwalira amasowa kolowera. Chachitatu, ndalama za penshoni zikabwera pamodzi zimaitana abale ndi abwenzi a tsiku limodzi, ndipo zikatha munthu amagwa m'manja mwa akatapila. Chachinai, pali zilonda za thupi: mwendo wodulidwa, makutu ogontha, msana wosweka. Chachisanu, pali chilonda cha mumtima. Munthu amene adaona anzake akufa amalota zoopsa, amadzidzimuka akamva kuphulika kwa tayala, amapsa mtima msanga, amathawa anthu. Madokotala amatcha matendawa PTSD. Ambiri amayesa kuwaziziritsa ndi kachasu, chamba kapena njuga, ndipo mapeto ake banja limapasuka.

4. Chiphunzitso cha Eklezia

Mthenga Wabwino sunyoza msilikali. Yohane Mbatizi sadauze asilikali kuti asiye ntchito yao, koma kuti asalande za anthu, asanamizire munthu, ndipo akhutire ndi malipiro ao (Luka 3, 14). Ambuye Yezu adatama chikhulupiriro cha mkulu wa asilikali wa ku Kapernao (Mateyo 8, 10), ndipo Petro Woyera adabatiza Kornelio, mkulu wa asilikali wa ku Kesarea (Ntchito 10). Msonkhano Waukulu wa Vatican II, m'chikalata cha Gaudium et Spes cha m'chaka cha 1965, udaphunzitsa kuti asilikali akamagwira ntchito yao molungama amathandiza kukhazikitsa mtendere. Tsono munthu amene adaika moyo wake pachiswe chifukwa cha anthu onse, anthu onsewo ali naye ngongole. Kumthandiza ndi chilungamo chisanakhale chifundo.

Komanso pa tsiku la chiweruzo Ambuye adzafunsa za anjala, alendo, ausiwa, odwala ndi andende, ndipo adzati zochitira iwowo zidachitikira Iye mwini (Mateyo 25, 31-46). Yakobo Woyera achenjeza kuti kufunira mafuno abwino munthu wanjala ndi wausiwa osampatsa zosowa zake nkopanda phindu (Yakobo 2, 15-16). Martin Woyera wa ku Tours adazindikira zimenezi akadali msilikali, pamene adang'amba pakati chofunda chake nagawira wopemphetsa pa chipata cha Amiens. Tsiku lake ndi 11 Novembala, tsiku lomwelo limene mfuti za nkhondo yoyamba zidaleka kulira mu 1918.

Wina angatsutse kuti munthu woledzera ndi wanjuga adadzigwetsa yekha m'dzenje. Nzoona kuti tchimo ndi tchimo, ndipo Camillo sadadzilungamitse. Koma akale adati, ali dere nkulinga utayenda naye. Amene sadagone m'ngalande zipolopolo zikudutsa pamutu asafulumire kuweruza.

5. Zimene parishi ingathe kuchita

Kuwadziwa. Mphakati uliwonse ufufuze asilikali akale, akazi amasiye ndi ana ao okhala m'dera lake, Akatolika ndi osakhala Akatolika omwe. Msilikali adaphunzitsidwa kusadandaula, ndipo kawirikawiri sabwera yekha kudzapempha. Awiriawiri azipita kukamchezera, monga amachitira a bungwe la Vincent de Paul Woyera chiyambire pamene Frédéric Ozanam ndi anzake adalikhazikitsa ku Paris mu 1833. Pofika apereke ulemu wonse, amtchule ndi udindo umene adali nao ngati iye akondwera nazo.

Denga ndi chakudya. Ku Zomba kudamangidwa nyumba zosungiramo asilikali okalamba, koma nyumba zotere sizingalandire onse. Mutu umodzi susenza denga: achinyamata aumbe njerwa, abambo adule mitengo, amai amwete udzu, ndipo atsogoleri akapemphe malo kwa anyakwawa. Kwa munthu amene ali mu ukapolo wa mowa kapena njuga, nkwabwino kupereka ufa, nyemba, bulangeti ndi kumlipirira lendi kwa mwini nyumba, kusiyana ndi kumpatsa ndalama m'manja.

Ntchito. Camillo adadzuka chifukwa cha abulu ndi miyala. Asilikali ambiri amadziwa kuyendetsa galimoto, kukonza makina, kumanga, kuimba malipenga ndi kusunga mwambo. Parishi ikafuna mlonda, mmisiri kapena wophunzitsa achinyamata, iyambe yaganiza za iwo, ndipo iwalipire molungama.

Makalata. Ena amataya zimene adayenera kulandira chifukwa mapepala adasowa kapena maso adafooka. Katekisi kapena mphunzitsi awathandize kulemba, ndipo wina awaperekeze ku ofesi ya boma. Aonetsetsenso kuti abale sakuwalanda penshoni.

Chipatala. Maloto oopsa ndi kudzidzimuka ndi matenda ochizika. Asafulumire kunena kuti munthuyo walodzedwa kapena ali ndi mizimu yoipa. Amperekeze ku chipatala cha boma, ndipo madokotala akaona kuti nkofunika amtumiza ku chipatala cha matenda a maganizo ku Zomba, kapena kwa a St John of God ku Mzuzu, amene woyambitsa chipani chao nayenso adali msilikali asanatembenuke mtima. Munthu akanena zodzipha, asamsiye yekha ngakhale ola limodzi, ndipo adziwitse wansembe ndi achipatala tsiku lomwelo. Ngati amamenya mkazi ndi ana, kuteteza iwowo kuyambe. Chifundo kwa bambo chisasanduke nkhanza kwa banja lake.

Mzimu. Wocheza naye asamuumirize kusimba za kunkhondo, ndipo asamfunse konse ngati adaphapo munthu. Akayamba yekha, amvetsere, nasunge chinsinsi. Ena amasenza chikumbumtima cholemera zaka zambiri, namaganiza kuti Mulungu sangawakhululukire. Katekisi awafotokozere mofatsa kuti palibe tchimo loposa chifundo cha Mulungu, ndipo awakonzere njira yokaonana ndi wansembe m'Sakramenti la Kulapa. Koma thandizo lisakhale nyambo: wosakhala Mkatolika alandire ufa ndi denga popanda kumuuza kuti ayambe walowa kalasi.

Kupirira. Wothandizidwa angathe kugwanso kawiri kapena katatu. A chipatala cha San Giacomo akadatseka chitseko kachiwiri, Eklezia akadataya woyera, ndipo odwala osawerengeka akadasowa wowasamala.

Lamulungu lachiwiri la Novembala, pamene dziko limakumbukira amene adafa pa nkhondo, ndi nthawi yabwino yoperekera Nsembe ya Misa chifukwa cha mizimu yao. Koma mphakati usadikire Novembala kuti ukaone amoyo. Mvula isanagwe denga likhale litafoleredwa.

Mafunso okambirana pa mphakati

1. Ndi anthu atatu ati amene adathandiza Camillo, ndipo aliyense adampatsa chiyani?
2. Chifukwa ninji chakudya, pogona ndi ntchito zidayamba mau a wansembe asanabwere?
3. Bwanji kuthandiza msilikali wakale kukutchedwa chilungamo?
4. Ndi zizindikiro ziti zosonyeza kuti munthu afunika kupita naye kuchipatala msanga?
5. M'dera la mphakati uno muli asilikali akale ndi akazi amasiye a asilikali angati, ndipo ndani awiri amene akawachezere sabata ino?