Kasawala Ndi Chambo cha Mawa

Anzanga, Loweruka lapitali amayi adandituma kumsika kukagula ndiwo. Ndidabwerako ndi mulu wa tinsomba towamba, ndikudzitama kuti ndagula zambiri ndi ndalama yochepa. Amalume atationa adapukusa mutu nati, "Iwe, ameneyutu ndi kasawala, ana a chambo." Ndidatenga rula yanga n'kuyeza kamodzi. Sikadafike n'komwe masentimita 10. Ndiye ndati tigawane zomwe ndaphunzirapo.

Nsomba iliyonse ili ndi msinkhu womwe imayambira kuswana. Usipa ndi matemba n'zazing'ono mwachibadwa ndipo zimakhwima msanga, choncho si kansomba kalikonse kakang'ono komwe ndi kamwana. Koma chambo chimatenga pafupifupi zaka 3 kuti chikhwime, chitapitirira masentimita 20. Chachikazi chimasunga mazira m'kamwa mpaka ataswa, ndipo tiana timathawira m'kamwa momwemo tikaona zoopsa. N'chifukwa chake sichiikira mazira ambirimbiri ngati mlamba. Ukachigwira chisanaswane, wapha ndi ana ake omwe. Zili ngati kukazinga chimanga chambewu mu Okutobala. Lero ukhutadi, nanga mvula ikagwa udzala chiyani?

Malamulo a usodzi m'dziko muno amaletsa kugwira chambo chosakwana masentimita 15, yomwe ndi theka la rula yathu ija. Komatu ngakhale pamsinkhu umenewu, chambo chambiri chimakhala chisanaikirepo mazira. Amaletsanso maukonde a maso ang'onoang'ono, kuphatikizapo maneti a udzudzu, chifukwa amakokolola chilichonse.

Mwina wina anena kuti nsomba sizingathe m'nyanja. Tamvani za nyanja ya Malombe ku Mangochi. Mu 1982 asodzi adagwirako chambo chopitirira matani 8,000, koma patatha zaka khumi sichinkafikanso ngakhale matani 1,000. Maukonde okoka adachuluka, ankagwira tiana komanso kuzula zomera za pansi pa madzi momwe nsomba zimabisala. Mu 1993 boma lidayamba kugwira ntchito ndi asodzi eniake kudzera m'makomiti a m'madooko, koma kubwezeretsa chambo kwakhala kovuta mpaka lero.

Nyanja ya Chilwa, komwe kumachokera matemba, makumba ndi milamba yambiri yomwe timadya kuno ku Chiradzulu, nayo ili ndi mavuto ake. Ndi yosaya, ndipo idaphwa mu 1968 komanso mu 1995. Ikaphwa, nsomba zochepa zimapulumukira m'mitsinje ndi m'madambo, ndipo n'zomwezo zimadzazanso nyanja madzi akabwerera. Tangoganizani anthu atazimaliza zimenezo!

Komabe chitsanzo chabwino chilipo. Pa chilumba cha Mbenji ku Salima, m'dera la Mfumu Yaikulu Makanjira, usodzi umatsekedwa nyengo yamvula chaka chilichonse kuyambira m'zaka za m'ma 1950. Asodzi onse amachokapo, nsomba n'kumaswana mwaufulu, ndipo malowa amadziwika ndi utaka wambiri. Lamuloli silidachokere kutali ayi, adapangana ndi anthu eniake.

Ena mufunsa kuti, "Ife nyanja tilibe, zikutikhudza bwanji?" Zikutikhudza m'mbale. Msodzi amagwira kasawala chifukwa akudziwa kuti ogula tilipo. Nsomba zikamachepa mtengo umakwera, ndipo oyamba kuzisowa ndife akumudzi. Ndikudziwa kuti ndalama n'zovuta, ndipo mulu wotchipa umakopa. Koma tingathe kusankha usipa kapena matemba m'malo mwa kasawala. Neti ya udzudzu tizigonamo, tisamakaphere nsomba kumtsinje. Amene kwanu kuli damu la nsomba, kumbutsani makolo kuti pokolola azibwezera zing'onozing'ono m'madzi.

Tinsomba tija tidadya ndithu, pajatu ndalama inali itapita kale. Koma amayi ndawauza kuti akadzanditumanso, ndidzayamba ndafunsa dzina la nsombayo ndisanatulutse ndalama. Nanunso kayezeni za kwanu, tidzauzane Lolemba pa buleki.

Wolemba: mnzanu wa Fomu 2