KUSANKHA MITENGO NDI MALUWA OKONGOLETSA MALO M'NYENGO YA CHISANU

Mawu Oyamba

M'maiko a kum'mwera ndi pakati pa Africa, nyengo ya chisanu imayamba mu Meyi ndi kutha mu Ogasiti, ndipo kumazizira kwambiri mu Juni ndi Julayi. Pa nthawi imeneyi mvula imakhala italeka m'madera ambiri, kapinga amauma, mitengo yambiri imayoyola masamba, ndipo mabwalo a pakhomo, a pasukulu ndi a pachipatala amangotsala fumbi lokhalokha. Malo otere sasangalatsa m'maso, komanso amabweretsa mavuto ena. Mphepo imaulutsa dothi lapamwamba, fumbi limalowa m'nyumba, njuchi zimasowa maluwa, ndipo mvula yoyamba imakokolola nthaka yopanda chophimba.

Cholinga cha phunziro lino ndi kuthandiza alangizi kuti athe kuongolera alimi, aphunzitsi ndi makomiti a m'midzi posankha zomera zoyenera. Mfundo yaikulu ndi yakuti kusankha kuchitike m'chisanu ndipo kubzala kuchitike m'dzinja. Anthu ambiri amasankha maluwa mu Januwale, pamene chomera chilichonse chimaoneka chobiriwira, ndipo amadzakhumudwa mu Julayi.

Kudziwa Nyengo ya Dera

Chisanu cha m'chigawo chino chimabwera ndi mavuto awiri: kuuma kwa nthaka ndi kuzizira kwa usiku. M'madera ambiri zomera zimayoyola masamba chifukwa chosowa madzi, kuposa chifukwa cha kuzizira. N'chifukwa chake malangizo a m'mabuku olembedwera maiko a ku Ulaya, kumene nyengo yozizira imakhala yonyowa, sagwira bwino ntchito kuno. Mlangizi ayenera kuyamba wazindikira kuti dera lake lili m'gulu liti mwa magulu atatu awa:

1. Madera okwera kumene chisanu chimawaula masamba, monga Dedza ndi Nyika ku Malawi, Nyanga ku Zimbabwe, dera lozungulira Johannesburg ndi dziko la Lesotho.
2. Madera a nkhungu ndi mvula yowaza ya chiperoni, monga Thyolo ndi Mulanje, kumene nthaka imasungako chinyontho.
3. Madera otsika ndi otentha, monga chigwa cha Shire, chigwa cha Luangwa ndi Tete, kumene vuto ndi kuuma kokha.

Ngakhale m'mudzi umodzi malo amasiyana. Chisanu chowaula masamba chimagwa usiku wopanda mitambo ndi mphepo, ndipo mpweya wozizira, popeza ndi wolemera, umatsikira m'madambo ndi m'zigwa. Motero mtengo ungathe kuwauka kudimba pamene mnzake wa mtundu womwewo ali bwinobwino pamtunda. Chinanso n'chakuti m'miyezi imeneyi dzuwa limadutsa chakumpoto, kotero khoma loyang'ana kumpoto limakhala lofunda. Zomera zoopa kuzizira ziyenera kubzalidwa mbali imeneyo.

Mitengo Yosayoyola Masamba

Mitengo imeneyi ndiyo maziko a malo okongola chifukwa imapereka mthunzi ndi kubiriwira chaka chonse. Msikidzi ndi mbawa ndi mitengo yachilengedwe yoyenera mabwalo aakulu, monga a sukulu, koma ibzalidwe patali ndi nyumba chifukwa imakula kwambiri. Msangu uli ndi khalidwe losiyana ndi mitengo ina: umayoyola masamba m'dzinja ndi kuphukira mvula ikatha, kotero umabiriwira pamene inzake ili mbee. Masamba ake amawonjezera chonde m'nthaka ndipo zipatso zake ndi chakudya cha ziweto.

Mlimi amasamala kwambiri mtengo umene akudyapo, choncho mitengo ya zipatso isaiwalidwe. Malalanje, manachesi ndi mandimu sayoyola masamba, ndipo zipatso zake zimapsa m'nyengo yomweyi ya chisanu, monga zimaonekera ku Mwanza. Mango amakhala obiriwira ndipo amayamba kuchita maluwa chakumapeto kwa nyengoyi. Koma mango ndi mapeyala ang'onoang'ono amawauka msanga, choncho m'madera okwera afunika kutetezedwa. M'madera oterewa mapichesi ndiwo amachita bwino, chifukwa amafuna kuzizira kuti aphukire. Amayoyola masamba, koma mu Julayi ndi Ogasiti nthambi zake zimadzaza ndi maluwa ofiirira.

Zomera Zochita Maluwa M'chisanu

Pa zomera zonse za m'gululi, mitundu ya aloe ndiyo yodalirika kwambiri, chifukwa imasunga madzi m'masamba ake ndipo yambiri imachita maluwa pakati pa Meyi ndi Ogasiti. Aloe arborescens amamera mwachilengedwe m'mapiri, kuchokera ku South Africa mpaka ku Malawi, ndipo amapanga mpanda wabwino. Aloe chabaudii ndi wamfupi, amamera m'magulu pamiyala, ndipo amapezeka ku Zimbabwe, Zambia, Mozambique ndi Malawi. Munda wa maluwa wa Ewanrigg, pafupi ndi Harare, ndi wotchuka chifukwa cha aloe amene amachita maluwa m'miyezi imeneyi. Timadzi ta m'maluwa ake timakopa njuchi ndi mbalame. Aloe amafuna dzuwa ndi nthaka yosasunga madzi, ndipo akathiriridwa mopitirira amawola mizu.

Mitengo ya mtundu wa Erythrina imatulutsa maluwa ofiira pa nthambi zopanda masamba kuyambira chakumapeto kwa chisanu. Imamera mosavuta pozika nthambi zikuluzikulu zodula.

Pa zomera zochokera kunja, zitatu ndizo zodziwika kwambiri. Poinsettia, wochokera ku Mexico, amafiira masamba a kunsonga usiku ukayamba kutalika, ndiye chifukwa chake kuno amakongola mu Meyi, Juni ndi Julayi. Bougainvillea, wochokera ku South America, amachita maluwa ambiri nthaka ikauma, ndipo madzi ndi feteleza zikachuluka amangochulukitsa masamba. Pyrostegia venusta ndi chomera choyanga chochokera ku Brazil chimene chimakuta mipanda ndi maluwa achikasu chofiirira, koma chifunika kudulira kuti chisakwere mitengo ina. Zitatu zonsezi sizipirira chisanu chowaula masamba.

Kumene madzi alipo okwanira, maluwa okhala nyengo imodzi monga calendula, petunia ndi pansy angafesedwe mu Malichi kapena Epulo. Mabedi a kabichi, mpiru, repu ndi karoti osamalidwa bwino amakongoletsanso pakhomo, ndipo ndiwo zimenezi zimakula bwino m'nyengo yozizira.

Mipanda ndi Zophimba Nthaka

Udzu wa vetiva, umene alangizi amaudziwa pa ntchito yoteteza nthaka, ndi woyeneranso m'mbali mwa tinjira ndi m'malire a bwalo. Mizu yake imalowa pansi kwambiri, kotero umapirira chilimwe, ndipo ukametedwa bwino umaoneka waudongo. Kapinga akauma asatenthedwe kapena kupalidwa, chifukwa mizu yake imakhala yamoyo ndipo amaphukiranso mvula ikagwa. Kumuthirira chilimwe chonse n'kuwononga madzi amene akanathandiza mitengo ing'onoing'ono. Chizolowezi chosesa bwalo mpaka dothi kuyera chimachotsa masamba amene akanasunga chinyontho. Masambawo ndi bwino kuwaunjika patsinde pa mitengo.

Zomera Zofunika Kusamala Nazo

Chomera china chingakhale chokongola koma chobweretsa chiwonongeko. Lantana camara amafalitsidwa ndi mbalame, amalanda malo odyetsera ziweto, ndipo masamba ake ndi poizoni kwa ng'ombe. Ku South Africa malamulo amaletsa kumubzala. Deliya, amene amachita maluwa achikasu m'mbali mwa misewu mvula ikangotha, amathandiza pa manyowa, koma akalekereredwa amadzaza malo onse. Oleander ali ndi poizoni woopsa m'masamba, m'maluwa ndi m'nthambi zomwe, choncho asabzalidwe pasukulu, pamalo osewerera ana, kapena pafupi ndi khola. Utomoni wa nkhadze umawononga maso, ndipo wa poinsettia umayabwa pakhungu. Odulira zomera zimenezi ayenera kuchenjezedwa.

Ndondomeko ya Ntchito

1. Juni ndi Julayi: mlangizi ayende ndi alimi m'dera lawo, kuona ndi kulemba zomera zimene zili zobiriwira kapena zili ndi maluwa popanda kuthiriridwa. Chomera chimene chachita bwino kwa mnansi ndi umboni wokwanira kuti chikugwirizana ndi deralo.
2. Ogasiti mpaka Okutobala: njere zifesedwe ndipo nthambi zodula zizikidwe m'machubu ku nazale. Mbewu zichokere m'minda ya anthu kapena m'manazale. Kuzula aloe kutchire kumawononga chilengedwe, ndipo m'malo otetezedwa n'koletsedwa.
3. Novembala: maenje akumbidwe, a masentimita 60 m'litali, m'lifupi ndi kuya kwake, ndipo dothi lapamwamba lisakanizidwe ndi manyowa owola bwino.
4. Disembala ndi Januwale: mbande ziwokeredwe mvula ikakhazikika, kuti mizu ikhale italowa pansi chisanu chisanafike.
5. Epulo ndi Meyi: nthaka iphimbidwe ndi udzu kapena mapesi, koma zophimbazo zisakhudze tsinde poopa chiswe. Feteleza wokulitsa asathiridwe pa nthawi imeneyi, chifukwa mphukira zanthete ndizo zimayamba kuwauka.
6. Juni mpaka Ogasiti: m'madera okwera, mitengo ing'onoing'ono imangiridwe timisasa taudzu totsegula mbali ya kumpoto. Kuthirira kuchitike m'mawa kapena masana, popeza nthaka yonyowa imasunga kutentha kwa dzuwa kuposa youma. Nthambi zowauka zisadulidwe mpaka kuzizira kutatha, chifukwa zimateteza nthambi zamoyo za m'kati.

Kumene madzi ndi osowa, madzi otsukira ndiwo ndi otsukuluzira zovala angagwiritsidwe ntchito pa mitengo ndi maluwa, bola asakhale ndi sopo wambiri kapena mafuta.

Mawu Omaliza

Malo okongola m'chisanu safuna ndalama zambiri kapena madzi ambiri. Pabwalo limodzi pangakhale mtengo umodzi kapena iwiri yosayoyola masamba, mitengo ingapo ya zipatso, gulu la aloe pamalo owala dzuwa, ndi mzere wa vetiva m'malire. Mlangizi angachite bwino kuyamba ndi malo amodzi achitsanzo, monga pasukulu kapena pa ofesi ya zaulimi, pamene anthu ambiri amadutsa. Malowo akaonetsedwe kwa alimi mu Julayi, pamene kusiyana kwake ndi malo ena kumaonekera poyera, ndipo tsiku lomwelo alimi alembetse mitundu ya mbande imene akufuna kuti ikonzedwe ku nazale dzinja lisanafike.