Pulogalamu ya alimi: yambirani pa foni ya mabatani

Ngati mukupangira alimi a ku Petauke kapena ku Nyimba pulogalamu ya pafoni, kaya ya kopaletivi kaya ya chilimba, kumbukirani kuti gulu limodzi limakhala ndi zipangizo zosiyana. Mayi ali ndi foni ya mabatani, mwana wawo ali ndi ya Android, mlembi amalowa pa kompyuta. Onsewa azipeza chinthu chimodzi pamalo amodzimodzi.

Musanalembe kalikonse, pitani mukamve anthu. Dzerani kwa mfumu ya mudzi ndi kwa alangizi a zaulimi, kenako mukhale ndi amayi paokha, chifukwa pamsonkhano waukulu ambiri satsegula pakamwa. Kufunsa kuti "mukufuna chiyani?" sikupindula kwenikweni. Apatseni foni, muwapemphe kuti aone ndalama zomwe asunga, inu mukhale chete n'kumayang'ana pomwe chala chaima. Pamenepo ndi pomwe pali vuto. Lembani mawu enieni omwe iwo akutchula. Kuno n'kwa Ansenga, ndipo Chinyanja cha m'mabuku chikhoza kuwasokoneza agogo a kwa Kalindawalo kapena kwa Nyalugwe.

Mukatero, yambani ndi USSD pa foni ya mabatani, chifukwa siyifuna intaneti. Chomwe chakwana pa kagalasi kakang'onoko chidzakwananso pa foni yaikulu.

Tsopano gwirizanitsani zonse, ndipo apa ndi pomwe ambiri amapunthwa. Ngati pa USSD nambala 1 ndi "Sunga" ndipo 2 ndi "Bwereka", pa Android ndi pa kompyuta mawu akhale omwewo, mundondomeko yomweyo. Uthenga wotsimikiza uzitchula ndalama, dzina ndi tsiku mofanana paliponse. Taonani mmene *115# imatsegulira ndalama za pafoni pa Airtel ndi pa MTN pomwe: mayi wogulitsa nthochi m'mbali mwa Great East Road pa Nyimba saphunziranso nambala ina akabwereka foni ya mnzake. Sungani mawu onse a pulogalamu m'fayilo imodzi, kuti mukasintha pamodzi zisinthe ponse.

Kayeseni kutali ndi boma, komwe netiweki imadukaduka. Ikaduka pakati pa kulipira, munthu adziwe ngati ndalama yapita kapena ayi.

Pomaliza, ikani nambala yolandirira madandaulo, muziyenderanso maajenti a m'mabuthi, poti anthu amakadandaula kumeneko. Mukakonza chomwe anapempha, kalengezeni pa wailesi ya m'dera ndi pamsonkhano wa gulu, ndipo musasunthe nambala za pa menyu pakati pa nyengo yogulitsa chimanga ndi mtedza.