Njere za mnzanuzo musazifese

Alangizi,

Ndine mlimi wa fodya ku Kasungu. Chaka chino ndalowa kopaletivi imene ikufuna kulima chamba cha mafakitale. Atsogoleri athu akuti chilolezo chatuluka, koma mbewu sinafike. Chibadwire sindinalimepo chamba. Mnzanga wina wa ku Nkhotakota wandipatsa njere zodzadza kabotolo kuti ndiziphunzirirapo kumeretsa kuseri kwa nyumba, kuti mbewu yeniyeni ikadzabwera ndisadzaiwononge. Kodi ndimeretse bwanji? Ndifese pabedi ngati fodya? Mayi akunyumba akuti ndikudziitanira apolisi.

Mlimi wa fodya, Kasungu

Bambo,

Mayi akunyumba akunena zoona, amvereni. Maganizo anu ofuna kuphunzira mbewu isanafike ndi abwino, koma njere za m'kabotolozo zikhoza kukutayitsani zinthu ziwiri: ufulu wanu ndi chilolezo cha kopaletivi yonse.

Mu 2020 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo la Cannabis Regulation Act, limene linalola kulima chamba cha mankhwala ndi cha mafakitale, nilikhazikitsanso bungwe la Cannabis Regulatory Authority kuti lizipereka zilolezo. Anthu ambiri atamva pawailesi anangoti chamba achiloleza, basi. Lamulolo silinatero. Linaloleza munthu kapena gulu lokhala ndi chilolezo, pamalo amene analembetsa. Kuseri kwa nyumba yanu sikunalembetsedwe. Wolima popanda chilolezo akadali wolakwa, ndipo chilango cha m'lamulolo chimafika zaka 25 m'ndende. Wapolisi akapeza mbande pakhomo panu, mawu oti mumangophunzirira sadzakuwombolani.

Chachiwiri n'chimene alimi atsopano ambiri sachiganizira. Chamba cha mafakitale ndi chamba cha makolo athu ndi zomera za mtundu umodzi. Zimasiyana kuchuluka kwa THC, chinthu chimene chimaledzeretsa. Kuno kwathu chamba cha mafakitale sichiyenera kupitirira 1 peresenti ya THC, pamene cha ku Nkhotakota chija chinatchuka mpaka kunja ndi dzina loti Malawi Gold chifukwa cha ukali wake. Tsono chomerachi chimakhala ndi chachimuna ndi chachikazi, ndipo mungu wa chachimuna umauluka ndi mphepo mtunda wa makilomita. Chachimuna chimodzi chokha cha mnzanuyo chikachita maluwa pafupi ndi munda wa kopaletivi, njere zimene mudzakolole zidzakhala zosakanizika, ndipo mukadzazibzala, mbewu yake ikhoza kudumpha malire a THC aja. Zikatero zokolola zimakanidwa, anzanu onse n'kulira nanu limodzi. Njerezo ziwonongeni, ndipo musazitaye kudzala, chifukwa mvula ikagwa zidzamera zokha.

Tsopano tibwere pa mbewu yovomerezeka ija, pakuti kumeretsa kwake si kovuta monga mukuopera. Munthu amene wasamala nazale ya fodya waona kale zovuta zoposa izi. Koma chizolowezi cha fodya musabwere nacho chonse. Njere ya fodya ndi fumbi, mumaisakaniza ndi madzi m'keni n'kuwaza pamwamba pa bedi. Njere ya chamba ndi yaikulu, ya chikhokho cholimba, ndipo imafuna kukwiriridwa ngati nyemba.

Mbewu ikafika, yambani mwaiona ndi maso. Njere yokhwima imakhala yolimba, yotuwa modera, nthawi zambiri ya timawangamawanga. Yoyera kapena yobiriwira, imene imaphwanyika mukaifinya ndi zala, ndi yosakhwima. Njerezi zili ndi mafuta ambiri, choncho zikakhala potentha kapena pachinyezi zimafa msanga. Thumba lisakhale pansi pa malata otentha kapena pafupi ndi moto. Lisungeni pozizira, pouma, mumdima.

Musanabzale, inu ndi anzanu yesani kameredwe kake, ndipo muyesere pamalo a kopaletivi omwewo. Tapani njere 100 m'malo osiyanasiyana a thumba, osasankha zokongola zokha. Nyowetsani kansalu koyera, kafinyeni mpaka kasiye kudontha, yalani njerezo, pindani, ndipo ikani m'mbale yovundikira mosatseka kwambiri, pamthunzi pofunda. Njerezi zimamera bwino kukamatentha pakati pa madigiri 21 ndi 27. Tsiku ndi tsiku vundukulani, kansalu kakayamba kuuma muwazeko madzi pang'ono. Pakatha masiku awiri kapena atatu mudzaona timizu toyera tikutuluka, ndipo pokwana sabata zambiri zimene zili zamoyo zimakhala zitamera. Werengani. Zikamera 80 kapena kuposa, mbewuyo ndi yabwino. Zikamera theka lokha, lembani chiwerengerocho, muuze atsogoleri anu, abwerere kwa amene anagulitsa mbewuyo ndalama zolimira zisanalowe m'nthaka. Mayeso amenewa ndiye phunziro limene mumalifuna kuseri kwa nyumba lija.

Kabzalidwe kamatengera chimene mukulimira, choncho funsani mgwirizano wa kopaletivi yanu ukunena chiyani. Ngati ndi cha luzi kapena cha njere zoyenga mafuta, palibe za nazale. Mumabzala m'munda mwachindunji, dothi litanyowa bwino, mozama masentimita awiri. Cha luzi chimabzalidwa mothithikana kuti chitalike mowongoka osachita nthambi. Cha njere chimafuna mpata wokulirapo, ndipo zachimuna zimasiyidwa chifukwa popanda izo njere sizibereka. Ngati ndi cha maluwa opangira mafuta a mankhwala otchedwa CBD, mbewu yake ndi yodula, choncho njere iliyonse imalowa m'chubu chakechake, ndipo zachimuna zimazulidwa zisanatulutse mungu.

Pobzala m'machubu, ena amayamba aviika njere m'madzi oyera kwa maola 12. Ndi zololeka, koma zisapitirire tsiku lathunthu, chifukwa njere imapuma ndipo ikakhalitsa m'madzi imawola. Dothi la m'chubu likhale lofewa, losasunga madzi: dothi la pamwamba, mchenga wa kumtsinje ndi manyowa owolerana. Feteleza musathire poyamba, chakudya cha masiku oyambirira njere imakhala nacho kale ndipo feteleza amawotcha timizu. Bowolani kadzenje kosapitirira masentimita awiri, ikani njere, kwirirani mosatsendera. Ngati njereyo yatulutsa kale muzu, muzuwo uloze pansi ndipo musaugwire ndi zala, suchedwa kuthyoka.

Chimene chimapha mbande zambiri ndi kuthirira mopitiriza. Mlimi watsopano amathirira m'mawa, masana ndi madzulo, kenaka n'kuona tsinde lawonda pamalire ndi dothi, mbande n'kugwa. Matenda amenewa mumawadziwa kale kunazale ya fodya. Pisani chala m'dothi: likakhala lonyowa, dikirani. Mbande zikangotuluka zipatseni dzuwa la m'mawa, chifukwa zikakhala mumthunzi zimatalika mowonda n'kupindika. Mbalame, mbewa ndi nkhuku zimakonda njerezi, choncho tetezani malowo. Ndipo musachedwe kuwokera. Chamba chimatsitsa muzu umodzi waukulu, umene ukafika pansi pa chubu n'kuyamba kuzungulira, chomeracho chimapinimbira. Wokerani pakatha milungu iwiri kapena itatu, ndi dothi lake lomwe. Kuzula mbande ndi manja monga muchitira ndi fodya sikuyenera pano.

Pali funso lina loti mukafunse mbewu isanagulidwe: kodi mtundu umenewu unayesedwa kuno? Chamba chimayamba maluwa usiku ukatalika. Mitundu yambiri ya ku Ulaya inazolowera masiku a chilimwe aatali kwambiri, pamene kuno usana umangosinthasintha pakati pa maola 11 ndi 13 chaka chonse. Mtundu wotere ukabzalidwa kuno ukhoza kumera bwinobwino koma n'kuchita maluwa usanafike m'chiuno, luzi lake losakwanira. N'chifukwa chake mitundu yosiyanasiyana inayamba yayesedwa kumalo ofufuzira zaulimi a Chitedze lamulo lija lisanabwere. Alangizi a zaulimi a kwanuko ndi a Cannabis Regulatory Authority ndiwo angakuuzeni mitundu yololedwa.

Pemphaninso kuona chilolezocho ndi maso anu, muwerenge dzina la kopaletivi, malo olimapo ndi tsiku lothera. Funsani wogula ndani, mtengo wake ndi wotani, ndipo ngati zalembedwa. M'zaka zoyambirira za ulimiwu alimi ena a m'makopaletivi anasonkha ndalama zambiri, nalima, koma zokolola zinakhala m'nyumba wogula osaoneka. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Chaka choyamba musachotse chimanga kapena mtedza kuti mupatse malo chamba. Tengani gawo laling'ono pamunda wa kopaletivi, lembani tsiku lobzala, tsiku lomera ndi tsiku la maluwa, ndipo chaka chamawa mudzakulitse potengera zimene mwaona ndi ndalama imene mwalandira m'manja.

Alangizi